Kutapa kanyama ka kapamba kudzera pa timabowo ta pamimba: chifukwa chake nkhani imakula ndi ya magazi

M'zipatala zikuluzikulu, kutapa kanyama ka chiwindi kapena ka impso kuti kakayezedwe ndi ntchito ya masiku onse, koma kwa zaka zambiri dokotala akauzidwa kuti achite zomwezo pa kapamba ankayamba wazengereza. Sikuti kapamba ndi wovuta kumupeza. Vuto lake ndi lakuti akavulala amataya magazi ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo magaziwo amatayikira m'kati mwa mimba, momwe diso silifika. Njira yotapa kanyama kudzera pa timabowo ting'onoting'ono, imene madokotala amati laparoscopy, imamveka bwino munthu akadziwa kaye mantha amenewa ndi kumene anachokera.

Tiyambe tamvana za dzina, chifukwa mabuku ena a zaumoyo amagwiritsa ntchito mawu akuti kapamba potchula chiwalo chopanga insulini, chija chimakhudzana ndi matenda a shuga. Amene tikukamba pano si ameneyo ayi, koma uja amatupa mwana akamadwaladwala malungo, mpaka kumakhudzika ngati chibulumwa kumanzere kwa mimba. Mwa munthu wamkulu wathanzi, kapamba amabisala pansi pa nthiti za kumanzere, kuyambira nthiti ya nambala 9 mpaka ya nambala 11, amalemera magalamu pafupifupi 150, ndipo kutalika kwake kumakhala masentimita 11 kapena 12. Kukula kwake n'kofanana ndi chibakera cha mwiniwake, komabe pa magazi onse amene mtima umapopa, pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse amadutsa mwa iye, kutanthauza pafupifupi kotala la lita pa mphindi imodzi. M'kati mwake muli ngati chinkhupule chonyowa ndi magazi, ndipo kunja kwake kuli kakhungu kopyapyala kamene sikagwira ulusi bwino. Dokotala akasoka matumbo, ulusi umagwira. Akasoka kapamba mosasamala, ulusi womwewo umang'amba mnofu n'kukulitsa bala. Apa ndi pamene pagona vuto lonse.

Wina angafunse kuti ngati chiwalochi n'choopsa chonchi kuchibaya, bwanji osangochichotsa chonse n'kukachiyeza bwinobwino? Kunena zoona, umu ndi mmene zinkachitikira kwa nthawi yaitali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, madokotala a ku Stanford ku America anazoloweretsa dziko kutsegula mimba ya odwala khansa ya anabele yotchedwa Hodgkin ndi kuchotsa kapamba pongofuna kudziwa pamene matendawo afika, ndipo mchitidwewu unatha pamene makina ounika m'thupi a CT ndi a PET anayamba kuonetsa zomwezo popanda mpeni. Koma ngakhale izi zisanayambe, mu 1952, madokotala awiri a ku America, King ndi Shumacker, anali atalemba kale za makanda amene anagwidwa ndi matenda oopsa a m'magazi atachotsedwa kapamba. Pang'ono ndi pang'ono zinadziwika kuti kapamba si chiwalo chongodzaza malo. Ndiye amasefa maselo ofiira okalamba akakwanitsa masiku awo pafupifupi 120, ndiye amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ma platelet, tizidutswa ta m'magazi timene timatseka bala, ndipo ndiyenso amalimbana ndi mabakiteriya okhala ndi chikuto cholimba, monga oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Munthu wopanda kapamba angayambe kutentha thupi m'mawa n'kufika pa kayakaya usiku wa tsiku lomwelo. Kwathu kuno kuli chifukwa china chowonjezera, ndicho malungo: kapamba ndiye amachotsa m'magazi maselo amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo, choncho wopanda kapamba amadwala malungo aakulu mosavuta. N'chifukwa chake ndikuona kuti kuchotsa chiwalo chonse pofuna kungodziwa dzina la matenda ndi mtengo waukulu kwambiri, makamaka kwa munthu amene adzabwerere kumudzi kumene udzudzu uli ponseponse.

Komabe tisaganize kuti aliyense wotupa kapamba ayenera kutapidwa kanyama. Ambiri safunika n'komwe. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, kapamba amatupa kawirikawiri chifukwa cha malungo obwerezabwereza, likodzo la m'matumbo, chifuwa chachikulu cha TB makamaka mwa amene ali ndi HIV, matenda a sickle cell mwa ana, ndiponso khansa za m'magazi. Pafupifupi zonsezi zimadziwika m'njira zosavuta kuposa kubaya kapamba: kuyeza magazi, chimbudzi, makhololo kapena mkodzo, kuunika ndi sikani, kutapa mwanabele wotupa wa m'khosi kapena m'khwapa, kapenanso kutapa mafuta a m'mafupa. Za likodzo ndiyenera kutsindika. Mazira a tizilombo take akalimbitsa mitsempha ya m'chiwindi, magazi amasowa podutsa n'kubwerera m'mbuyo, kapamba amafufuma nawo, mitsempha yomuzungulira imatupa, ndipo ma platelet amachepa chifukwa ambiri amatsekeredwa mwa kapambayo. Kubaya kapamba wotereyu ndi kuika moyo pachiswe popanda phindu lililonse, popeza gwero la vuto lili m'chiwindi.

Kutapa kanyama kumaganiziridwa pamene sikani yaonetsa chotupa kapena timadontho mwa kapamba, njira zonse zija zayesedwa osapereka yankho, ndipo mankhwala oyenera kuperekedwa akudalira yankholo. Chitsanzo chodziwika ndi kusiyanitsa khansa ya anabele yotchedwa lymphoma ndi TB, matenda awiri amene angafanane kwambiri pa sikani koma mankhwala ake ndi otalikirana. Chitsanzo china ndi cha munthu amene anadwalapo khansa ya chiwalo china, ndipo tsopano mwa kapamba mwaoneka kachotupa kamodzi kosadziwika bwino. Palinso zotupa zimene dokotala safuna kuzibaya ngakhale pang'ono, monga chotupa chopangidwa ndi mitsempha yokhayokha, kapena thumba la madzi lochokera ku nyongolotsi za agalu, limene likaphulikira m'mimba limafalitsa matenda ndipo lingagwetse wodwala nthawi yomweyo.

Njira zotapira zilipo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kulowetsa singano kudzera pakhungu, dokotala akuyang'ana pa sikani ya ultrasound kapena CT. Njirayi si yatsopano: mu 1903 Charles Donovan, ali ku Madras ku India, anapeza tizilombo ta matenda otupitsa kapamba otchedwa kala-azar m'madzi amene anakoka mwa kapamba ndi singano, ndipo mpaka lero ku Kenya, ku Sudan, ku Ethiopia ndi ku India kukoka madzi a kapamba ndi imodzi mwa njira zodalirika zotsimikizira matendawa. Mbiri yoipa inabwera ndi masingano aakulu otapira mnofu weniweni, amene m'zaka za m'ma 1980 ankachititsa odwala ambiri kutaya magazi mpaka kufunika kuthiridwa ena. Masingano atachepetsedwa, zinthu zinasintha. Kafukufuku amene McInnes ndi anzake anafalitsa mu 2011, ataphatikiza zotsatira za zipatala zambiri, anapeza kuti mavuto aakulu ankagwera odwala pafupifupi 2 mwa 100 alionse, ndipo singano ikakhala yopyapyala, ya saizi 18 kapena yocheperapo, chiwerengerocho chinkatsika kufika pa 1.3 mwa 100 alionse, chomwe n'chofanana ndi cha chiwindi ndi impso. Chifukwa cha ichi, kumene kuli akatswiri ndi zipangizo, singano ndiyo imayamba kuganiziridwa, ndipo kunena mosabisa, mwa anthu kutapa kapamba kudzera pa timabowo sikuchitika kawirikawiri ngati njira ya singanoyi.

Nanga timabowo timafunika liti? Timafunika pamene singano yayesedwa koma kanyama kotuluka n'kochepa moti sikakupereka yankho, zomwe zimachitika ndi lymphoma chifukwa woyeza amafuna kuona kayalidwe ka maselo, osati maselo omwazikana chabe. Timafunikanso pamene chotupa chili pamalo amene singano singafike popanda kudutsa m'mapapo, m'matumbo kapena mu impso, ndiponso pamene dokotala akufuna kuona mimba yonse n'kutapanso chiwindi ndi anabele a m'mimba pa ulendo umodzi. Koma ubwino wake waukulu ndi wakuti malo otapidwawo amaoneka. Wobaya ndi singano amazula singano yake n'kudikira kuti aone ngati wodwala asinthe. Wa laparoscopy amaona magazi akutuluka, ndipo zida zowaletsera amakhala nazo m'manja nthawi yomweyo. Luso limeneli linakula mofulumira kuchokera pamene Erich Mühe ku Germany mu 1985 ndi Philippe Mouret ku Lyon mu 1987 anachotsa ndulu kudzera pa timabowo, ndipo pofika 1991 Delaitre ndi Maignien ku Paris anali atachotsa kapamba m'njira yomweyo.

Ntchito yoletsa magazi imayamba kudakali masiku angapo opaleshoni isanachitike, ndipo mbali imeneyi ndi imene wodwala ndi abale ake angathandizepo kwambiri. Magazi amayezedwa kuti adziwe zinthu zitatu: kuchuluka kwake, chiwerengero cha ma platelet, ndi nthawi imene amatenga kuti aundane. Munthu wathanzi amakhala ndi ma platelet pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa muyeso umene ma labotale amagwiritsa ntchito, ndipo malangizo ambiri amafuna kuti asachepere 50,000 munthu asanatapidwe chiwalo ngati ichi. Muyeso wa kuundana, wotchedwa INR, umafunika ukhale pafupi ndi 1.5 kapena kutsika. Chomvetsa chisoni n'chakuti matenda amene amatupitsa kapamba ndi omwewonso amatsitsa ma platelet, moti amene akufunikira kuyezedwa ndi amenenso ali pangozi yaikulu. Zikatero amayamba apatsidwa ma platelet, madzi a m'magazi kapena vitamini K, malinga ndi chimene chikusowa.

Wodwala ayenera kuulula mankhwala onse amene akumwa, ngakhale amene akuwaona ngati achabechabe. Mwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, warfarin kawirikawiri amasiyidwa masiku 5 opaleshoni isanachitike, clopidogrel masiku osachepera 5, jakisoni wa heparin amaimitsidwa kwa maola angapo, ndipo aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amagula m'magolosale pofuna kuletsa ululu, nawonso amafooketsa ma platelet. Mankhwala a zitsamba asabisidwe chifukwa cha manyazi. Komanso munthu asasiye yekha mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi popanda kuuzidwa, chifukwa amene ali ndi valavu yachitsulo mumtima kapena amene anaikidwa kachubu mu mtsempha wa mtima angafe ndi magazi oundana pothawa kutaya magazi. Dokotala amafunsanso ngati munthuyo anatayapo magazi ambiri atazulidwa dzino, pobereka, kapena pa mdulidwe, ndiponso ngati kumtundu kwawo kuli vuto lotere. Mayankho a mafunso amenewa nthawi zina amaulula zimene makina sanaone.

Palinso zokonzekera ziwiri zimene sizingalumphidwe. Choyamba, magazi ogwirizana ndi a wodwalayo ayenera kukhala atapezeka kale, ali pafupi. Ku Malawi ntchito yotolera ndi kuyeza magazi ili m'manja mwa Malawi Blood Transfusion Service, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo opaleshoni yosafulumira ngati iyi ndi bwino kuisuntha tsiku kusiyana ndi kuiyamba magazi asanatsimikizike. Chachiwiri, wodwala amasainira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kutapidwa kanyama, komanso kuchotsedwa kapamba yense ngati magazi akana kuleka. Popeza izi zingachitike, madokotala ambiri amapereka katemera wa chibayo, wa matenda oumitsa khosi ndi wa mabakiteriya otchedwa Hib kudakali masabata awiri, kuti thupi lipange chitetezo kapamba adakalipo. Ana a ku Malawi anayamba kulandira katemera wa chibayo wa PCV13 mu 2011, koma akuluakulu ambiri sanalandirepo, ndipo ili ndi funso loyenera kulifunsa.

Tsiku la opaleshoni wodwala amagonetsedwa tulo ndi mankhwala, kenako amamugoneka chammbali, mbali ya kumanja ili pansi. Kagonedwe kameneka kali ndi nzeru yake: chifu ndi matumbo zimatsetserekera pansi zokha, ndipo kapamba amatsala pamwamba, akulendewera pa timinofu timene timamugwira, moti safunika kumukoka ndi zida. Zimenezi n'zofunika chifukwa kapamba amang'ambika kawirikawiri osati pomudula, koma pokoka ziwalo zimene zamatirira kwa iye. M'mimba amapoperamo mpweya wa carbon dioxide mpaka mphamvu yake ifike pa 12 mpaka 15 mmHg, kuti khoma la mimba litukuke ndipo papezeke malo ogwirira ntchito. Kenako amaboola timabowo titatu kapena tinayi, ta mamilimita 5 mpaka 12, kamodzi ka kamera, tina ta zida. Ngati chotupa chabisala m'kati, kachida ka ultrasound kolowa pa bowo kamaikidwa pa kapamba penipenipo kuti kasonyeze pamene pali chotupa ndi pamene padutsa mitsempha ikuluikulu.

Malo otapa amasankhidwa mosamala kwambiri. Mtsempha waukulu wa kapamba umalowera pakati pa mbali yoyang'ana m'kati, ndipo usanalowe umagawika nthambi zimene iliyonse imadyetsa chigawo chakechake. Pamenepo ndi poletsedwa. M'mphepete ndi kunsonga ya kumunsi mitsempha imakhala yaing'ono, ndipo ndi kumene dokotala amakonda kudulako ngati matenda afalikira chiwalo chonse. Angagwiritse ntchito singano yotapira akuiona ikulowa, kapena kachida kotsina, kapena kudula kachidutswa kakang'ono. Asanadule amakhala atalowetsa kale kansalu m'mimba ndipo chida choyamwa magazi chili chokonzeka, chifukwa mphindi imene magazi aphimba kamera si nthawi yoyamba kufunafuna zida.

Chida choyamba choletsera magazi ndi chakale kwambiri: kupsinja. Dokotala amaika kansalu pabala, n'kupsinja mofatsa kwa mphindi zingapo osasuzumira, popeza kusuzumira pafupipafupi kumachotsa magazi amene ayamba kugwirana. Pabalapo angaikepo kansalu kosungunuka kokha kodziwika ndi dzina la Surgicel, chinkhupule cha Gelfoam, kapena guluu wopangidwa kuchokera ku zinthu zoundanitsa magazi. Timitsempha ting'onoting'ono timawotchedwa ndi chida cha magetsi, ndipo kumene kuli makina owotchera ndi mpweya wa argon, amauzira mpweyawo pamwamba pa bala lonse osalikhudza. Kuwotchaku kumachitika kanyama katachotsedwa kale, chifukwa mnofu wopsa sungawerengeke pa maikulosikopu, ndipo ngozi yonseyo ingakhale yopanda pake. Nthawi zina amakoka mafuta aja amakuta matumbo n'kuwasokerera pabala kuti akhale ngati chigamba chamoyo. Mankhwala a tranexamic acid, amene amathandizanso amayi otaya magazi pobereka, angaperekedwe m'mtsempha kuti magazi oundana asasungunuke msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa dokotala wosamala ndi wothamanga. Mpweya uja anapopera m'mimba umapsinja timitsempha ting'onoting'ono tobweza magazi, choncho bala lingaoneke louma pamene mpweya ulimo, n'kuyamba kuchucha ukangotulutsidwa ndipo wodwala wabwerera ku wodi. Chifukwa cha ichi, asanatseke, dokotala amatsitsa mphamvu ya mpweyawo n'kuyang'anitsitsa balalo kwa mphindi zingapo, akuonetsetsanso ndi wogonetsa kuti kuthamanga kwa magazi kwabwerera pamene kumakhala masiku onse, popeza BP yotsika nayonso imabisa bala. Timabowo tolowera zida timayang'anidwanso kuchokera m'kati pamene zida zikutuluka, chifukwa magazi angachokere pa khoma la mimba osati mwa kapamba.

Magazi akakana kuleka, pali masitepe otsatira. Dokotala angamange nthambi ya mtsempha yodyetsa chigawo chovulalacho, n'kuchotsa chigawo chokhacho. Kapamba amapitiriza kuteteza thupi ngati patsala pafupifupi kotala kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a mnofu wake ndi mtsempha wake. Zipatala zokhala ndi akatswiri a mitsempha zimatha kulowetsa kachubu kudzera pa ntchafu n'kukatseka mtsempha wotayawo kuchokera m'kati. Zonsezi zikakanika, mimba imatsegulidwa ndipo kapamba amachotsedwa. Kusiya timabowo n'kutsegula mimba si kulephera kwa dokotala, ndipo abale asakuone choncho. Choopsa ndi kuchedwa kutero. Ichi n'chifukwa chake opaleshoniyi iyenera kuchitikira pamalo pamene zida zotsegulira mimba zili patebulo, magazi ali pafupi, ndipo woichitayo amadziwa kuchotsa kapamba ndi manja ake.

Wodwala akadzuka, anamwino amayeza kugunda kwa mtima ndi BP pafupipafupi m'maola oyambirira, ndipo magazi amayezedwanso patapita maola angapo. Kugunda kwa mtima ndiko kumayamba kukwera, pamene BP, makamaka mwa achinyamata, imachedwa kutsika mpaka magazi ambiri atatayika. Pali chizindikiro chimodzi chosokoneza chimene aliyense ayenera kuchidziwa. Mpweya wotsalira m'mimba umapweteketsa phewa kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimenezi n'zachizolowezi. Koma magazi akadzikundika pansi pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, nawonso amapweteketsa phewa la kumanzere. Kusiyana kwake n'kwakuti ululu wa mpweya umapita ukuchepa, pamene wa magazi umapita ukukula, ndipo umabwera ndi chizungulire, thukuta lozizira, ludzu, kuyera kwa m'maso ndi m'manja, ndiponso kutupa kwa mimba.

Ngozi sithera pachipata cha chipatala. Magazi angasonkhane pang'onopang'ono pansi pa kakhungu ka kapamba, munthu akumva bwino, n'kudzaphulika patapita masiku. Pa chifukwa chimenechi wodwala amauzidwa kuti kwa masabata angapo, malinga ndi mmene dokotala waonera balalo, asanyamule katundu wolemera, asalime, asasenze madzi, asasewere mpira, ndipo asakwere njinga yamoto m'misewu ya mabampu. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ayambirenso pa tsiku limene dokotala watchula, ndipo pa ululu amwe panado osati aspirin kapena ibuprofen. Amene kwawo n'kutali ndi chipatala chochita opaleshoni ndi bwino akhale kaye kwa achibale pafupi masiku oyambirirawo, ndipo pakhale munthu wodziwa zizindikiro zija amene angapeze galimoto usiku.

Kanyama kaja kamagawidwa kasanatuluke m'chipinda cha opaleshoni. Gawo lina limaikidwa m'mankhwala a formalin kuti likaonedwe pa maikulosikopu, koma ngati akuganizira TB kapena tizilombo tina, gawo lina liyenera kupita lili laliwisi, m'madzi a mchere, chifukwa formalin amapha tizilombo ndipo sitingameretsedwenso. Kutsimikiza mtundu wa lymphoma kumafuna utoto wapadera wosiyanitsa maselo, ntchito imene ku Lilongwe inayamba kupita patsogolo labotale yoyeza minofu ya pa Kamuzu Central Hospital itatsegulidwa mu 2011. Wodwala asanachoke, ayenera kuuzidwa kumene kanyamako katumizidwa, tsiku lobwera kudzamva zotsatira, ndi dokotala amene adzamufotokozere zimene zapezeka.